Batire la amalume linkanama, mita yanga n'kumavomereza

Mwezi ukalowa mumdima, nyanja ya kwathu kuno ku Mangochi imasanduka tauni. Ukaima pagombe la ku Makawa usiku n'kuyang'ana kutsidya la ku Malindi, umangoona nyali zili waliwali pamadzi ponse. Amenewo ndi asodzi a usipa. Pa chilimira chilichonse pamakhala munthu mmodzi wotchedwa siginala, amene amakhala m'bwato ndi nyali n'kumakopa usipa kuti usonkhane malo amodzi, kenako anzake amauzinga ndi ukonde. Kale nyali zake zinali za palafini zopopa zija. Masiku ano ambiri anasamukira ku mababu a LED oyatsa ndi batire la 12V.

Amalume anga ali ndi chilimira chimodzi. Chaka chatha anagula batire latsopano, lakuda bii, lolembedwa 100Ah ndi zilembo zikuluzikulu, pambali pake atajambulapo dzuwa. Sipanathe mwezi, anandiimbira foni m'mamawa.

"Mphwanga, iwe si unapita ku yunivesite? Tabwera udzaone batire ili. Nyali zikumazima 1 koloko usiku, usipa utangoyamba kusonkhana."

Ku yunivesiteko sindinaphunzire zamagetsi ayi. Ntchito yanga ndi yolemba nkhani ndi zotsatsa malonda pa intaneti. Koma kwathu ukangovala gauni ndiye kuti ndiwe dokotala, loya komanso injiniya nthawi imodzi. Chimene chinawapatsa mphamvu amalume n'chakuti pakona ya chipinda changa pali katebulo kamene ndimakonzerapo machaja, matochi ndi mawailesi a anansi madzulo. Anzanga amakatcha kuti labu, mwina monyoza. Pali soldering iron, multimeter, ndi katoni yodzaza ndi zinthu zakufa zimene ndimati tsiku lina ndidzazidzutsa.

Ndinanyamula multimeter, n'kukwera kabaza, ulendo wa kugombe. Batire linali litatsala pang'ono kutsitsidwa pa sola. Titalitsitsa n'kulisiya kuti lipume, ndinaligunditsa mawaya a mita. Inawerenga 12.7V.

"Amalume, batire ili lili bwinobwino. Vuto lili kwina."

Mawu amenewo anatsala pang'ono kuchotsetsa munthu ntchito. Poti batire ndinaligamula kuti lilibe mlandu, maso onse anatembenukira kwa siginala, mnyamata wa zaka zosakwana 20. Anzake anayamba kunong'ona kuti amachajira mafoni a anthu panyanja n'kumatolera timakobidi. Iye ankalumbira kuti sanachitepo zimenezo. Usiku umene nyali zazima pakati, mafuta a injini amapita pachabe, anyamata amabwerera ndi ndowa zochepa, ndipo pogawana m'mawa nkhope zimakhala zolimba. Winawake amayenera kusenza mlandu, ndipo mita yanga inali italoza kwa wamng'ono pa onse.

Kapu yodzaza ndi mgolo wodzaza

Zinanditengera masabata awiri ndikuwerenga usiku kuti ndimvetse pamene ndinalakwa. Multimeter imayeza voltage, ndipo voltage ya batire lopuma imangokuuza kuti ladzaza kapena ayi. Sikuuza kuti chodzazacho n'chachikulu bwanji. Kapu ikadzaza madzi mpaka pakamwa ndi yodzaza, mgolo nawo ukadzaza ndi wodzaza. Kuti udziwe kuti muli malita angati, uyenera kutsanula madziwo ukuwerenga.

Chipangizo chotsanulira batire ukuwerenga chimatchedwa electronic DC load. Ntchito yake ndi yoseketsa ukaimva koyamba: chimadya magetsi n'kuwasandutsa kutentha, basi. Koma chimadya mlingo umene wachiuza, osapitirira, osachepera, n'kumawerenga kuti chadya zochuluka bwanji. Ukachiuza kuti koka ma amp 5, chimakoka 5 ngakhale batire likufooka. Ukachiuza kuti voltage ikatsika kufika pa 10.5V usiye, chimasiya chokha n'kukusungira chiwerengero pa sikirini.

Manambala a 5 ndi 10.5 amenewa sindinangowatola. Mabatire a mtovu ndi asidi, awa a sola ndi a galimoto, nthawi zambiri mlingo wawo amaulemba potengera maola 20. Ndiye kuti batire la 100Ah liyenera kupereka ma amp 5 kwa maola 20 lisanatsike kufika pa 10.5V. Ukalikoka mwamphamvu kuposa pamenepo limapereka zochepa, ndipo si chinyengo ayi, ndi chibadwa cha mabatire a mtovu chimene katswiri wa ku Germany, Wilhelm Peukert, anachifotokoza kalekale mu 1897. Choncho ukafuna kuliweruza mwachilungamo, uliyese pa mlingo umene analilembera.

Mwamwayi, masamu a amalume anagwera pomwepo. Siginala wawo amayatsa mababu 6 a ma watt 10 lililonse. Pamodzi ndi ma watt 60. Ukagawa 60 ndi ma volt 12, upeza ma amp 5. Usiku wa maola 10 ukufuna 50Ah, theka lenileni la zimene zinalembedwa pabatirepo. Nyali sizimayenera kuzima 1 koloko.

Babu la galimoto ndi utsi

Ndisanaononge ndalama, ndinayesa njira ya amphawi. Ndinatenga babu la kutsogolo kwa galimoto la ma watt 55, n'kulilumikiza kubatire, multimeter pakati, wotchi ya pafoni pambali, kope m'manja. Njirayi imagwira ntchito, ndipo ngati mukufuna kuyeza batire limodzi pachaka, musagule china chilichonse. Koma ili ndi zovuta zake ziwiri. Voltage ikamatsika, ma amp amene babu likukoka amatsikanso, ndiye uyenera kumalemba manambala theka la ola lililonse n'kudzaphatikiza pamapeto. Chachiwiri, babu silidziwa kusiya. Ine ndinagona cha m'ma 11 koloko, podzuka ndinapeza babu likungoti psuu, batire litatsika kwambiri kupyola pamene limayenera kulekezera. Batire la mtovu silikhululuka ukalikama choncho. Bola linali langa lakale, osati la amalume.

Kenako ndinakumbukira kuti m'katoni muja muli kachipangizo kakang'ono koyezera ma power bank, kokhala ndi kafani ngati kandalama, kolembedwa 35W. Kankalola voltage yoposa 12, ndipo ma amp ankafika 5. Ndinati ndiye basi, zonse zikukwana. Ndinakalumikiza kubatire n'kupotokola mpaka pa 5. Sipanathe mphindi ziwiri, kafungo ka pulasitiki kanadzaza m'chipinda, mayi akufunsa panja kuti ndani akuotcha zinyalala m'nyumba.

Mlandu unali wanga. Ma volt 12.6 kuchulukitsa ndi ma amp 5 ndi ma watt 63, ine ndikukakamiza kanthu ka ma watt 35. Apa m'pamene pali phunziro loyamba posankha chipangizochi. Chili ndi malire atatu: ma volt, ma amp ndi ma watt, ndipo sungafike pa malire awiri oyambawo nthawi imodzi. Chimene chalembedwa 150V, 30A, 200W sichitanthauza kuti chingakoke ma amp 30 pa ma volt 150. Pa 12V chimalekezera pa ma amp 16 ndi kanthu. Pa batire la 48V, ngati awa a ma inveta akuluakulu, chimalekezera pa ma amp 4. Nambala yoyamba kuiyang'ana ndi ya ma watt.

Zimene zili pamsika

Nditayamba kufufuza ndinapeza kuti zipangizozi zili m'magulu atatu, ndipo mtunda wa pakati pawo ndi waukulu ngati wa pakati pa njinga yakapalasa ndi minibasi.

Pansi penipeni pali tizipangizo ta USB ngati kanga kanapsa kaja, komanso timabolodi ngati ZB2L3 toyezera mabatire ang'onoang'ono a lithium limodzilimodzi. Ndi totchipa, ndipo pa ntchito yake timachita bwino. Pamwamba pali makina a patebulo, okhala m'bokosi lachitsulo: Rigol DL3021 yomwe imafika 150V, 40A ndi 200W, Siglent SDL1020X-E ya 150V, 30A ndi 200W, ndi Korad KEL103 ya 120V, 30A ndi 300W. Awa mitengo yake inali madola mazana angapo, awiri oyambawo cha m'ma 500, usanawerengere zotumizira ndi msonkho wapachipata. Pakati pali mabolodi opanda bokosi, okhala ndi fani yaikulu ngati ya mu kompyuta pamwamba, monga Atorch DL24 ya 150W ndi DL24P ya 180W, amene pa intaneti ankagulitsidwa madola osafika 50. Palinso ZKETECH EBD-A20H ya 30V, 20A ndi 200W, imene imajambula bwino mzere wa momwe batire likutsikira ukailumikiza ku kompyuta.

Ndinatha masiku angapo ndikusirira Siglent. Ndinaonera mavidiyo ake pa YouTube mpaka bandulo kutha. Makina a patebulowa ali ndi luso limene mabolodi otchipa alibe: amatha kusinthasintha ma amp mofulumira kwambiri, kambirimbiri pa sekondi imodzi, kuti uone ngati power supply imene wakonza ikupirira ikadzidzimutsidwa. Amayezanso molondola kwambiri ndipo ali ndi chitetezo chokwanira. Ngati ntchito yanu ndi yopanga kapena kukonza ma power supply tsiku ndi tsiku, ndalamayo siipita pachabe.

Koma ndinadzifunsa kuti kodi ine ndikufuna kuyeza chiyani kwenikweni? Ndinalemba pakope: mabatire a 12V a sola, ma power bank, machaja a foni, mabatire a 18650 ochotsa m'malaputopu akufa, ndi mapanelo a sola osapitirira ma watt 100. Pa zonsezi, chachikulu kwambiri ndi panelo ija. Batire la amalume ndi ma watt 63 okha. Kusiyana kwa 31.2Ah ndi 31.4Ah kulibe ntchito kugombe. Chimene amalume akufuna kudziwa n'chakuti muli 100, 70 kapena 30. Ndipo kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, madola 500 ndi nambala imene ukaisintha kupita ku makwacha umayamba wakhala kaye pansi.

Zimene makatalogu sanena za Mangochi

Panali zifukwa zina ziwiri zimene zinandikankhira ku gulu lapakati, ndipo palibe vidiyo ya ku YouTube imene inazitchula, poti opanga mavidiyowo sakhala kuno.

Choyamba ndi kuzima kwa magetsi. Madzi amene amazunguza makina ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amayamba adutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi pa boma pano, koma zimenezo sizitipatsa mwayi uliwonse wapadera. Tonse tikukumbukira zimene zinachitika namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya ma megawatt pafupifupi 130. Nthawi imeneyo ndi imene mabanja ambiri anathamangira kukagula sola ndi mabatire, abwino ndi oipa omwe. Tsono kuyeza batire labwino la 100Ah kumatenga maola 20. Makina a patebulo amafuna 230V ya pakhoma kuti akhale moyo. Magetsi akazima pa ola la 13, mayeso aima, batire lapuma n'kubwezako mphamvu, ndipo uyenera kulichajanso n'kuyambira poyamba. Pokhapokha uwagulirenso inveta yawoyawo. Mabolodi ngati DL24 amangofuna 12V yochepa kwambiri yoyendetsera fani ndi sikirini. Kabatire ka njinga yamoto kapena ka 7Ah kamakwanira usiku wonse. Chofunika n'chakuti kakhale kapadera, osati batire lomwe ukuliyezalo.

Chachiwiri ndi kutentha. Chipangizochi, ngakhale chidule bwanji, ndi mbaula yokhala ndi ubongo. Ma watt onse amene chakoka amathera m'kachipangizo kotchedwa MOSFET, komamatizidwa ku chitsulo choyamwa kutentha, fani n'kumapemerera. Nambala ya ma watt yolembedwa pabokosi imaganizira chipinda chozizira bwino. M'chipinda changa cha malata mu Okutobala ndi Novembala, masana kumapyola madigiri 35 mosavuta. Mpweya umene fani ikupemerera umakhala utatentha kale. Makina akuluakulu amagawa katundu kwa ma MOSFET angapo, pamene mabolodi otchipa kawirikawiri amasenzetsa imodzi yokha. Ndiye ndinadziikira lamulo: chilichonse cholembedwa pabolodi lotchipa, ndigwiritse ntchito theka lake kapena kupitirira pang'ono. Pa 180W, ndiye kuti ma watt 90 mpaka 100 osadandaula. Batire la amalume likulowa bwinobwino, panelo ikulowa mothinana.

Palinso kanthu kena kamene ndikanakanyozera ndikanapanda kuchita masamu: mawaya anayi m'malo mwa awiri. Waya aliyense ali ndi kukana kwake pang'ono. Tinene kuti mawaya ndi zopanira zako pamodzi ndi 0.05 ohm. Pa ma amp 10, ndiye kuti theka la volt latayika panjira. Chipangizo chikuona 10.5V n'kusiya, pamene pabatire penipeni pakadali 11V. Walinamizira batire. Njira yake, imene amaitcha ya Kelvin, ndi yoika mawaya awiri onenepa onyamula ma amp, ndi ena awiri ang'onoang'ono ongoyeza voltage pamitu pa batire penipeni. Chipangizo chopanda malo a mawaya anayiwa ndinachichotsa pamndandanda osachiyang'ananso kachiwiri.

Za mitundu ya kakokedwe, sindichedwapo. Pafupifupi zonse za gulu lapakati ndi lapamwamba zili ndi inayi: CC yosunga ma amp, CV yosunga voltage, CR yokhala ngati resistor, ndi CP yosunga ma watt. Pa mabatire ndi machaja umakhalira pa CC. CP imathandiza ukafuna kutsanzira inveta kapena laputopu, zimene zimakoka ma amp ochuluka voltage ikamatsika. CV ndi ya mapanelo a sola.

Ndinasankha DL24P. Ili ndi mawaya anayi, imasiya yokha pa voltage imene waiuza, ili ndi kawaya koyeza kutentha kwa batire, ndipo imatumiza manambala pafoni kudzera pa Bluetooth, kotero utha kukhala pakhonde kukupita mphepo, fani ikulira yokha m'nyumba.

Kufika kwake ndi nkhani ina. Kugula pa intaneti kumafuna khadi la kubanki lololedwa kulipira ndi ndalama zakunja, ndipo aliyense akudziwa m'mene zilili masiku ano. Koma mwana wa ku Mangochi sasowa m'bale ku Joni. Achimwene anga a ku Johannesburg anaitanitsa, n'kuipatsira kwa anyamata onyamula katundu aja, itakulungidwa m'bulangete limodzi ndi nsapato za ana. Adaputa yake inabwera ndi pulagi yosalowa m'masoketi athu a mano atatu aphwatalala, koma poti ndinkafuna kuiyendetsa ndi kabatire, sindinadandaule. Amene mungagule makina a patebulo, yang'anani kumbuyo musanalumikize. Ena ali ndi kaswitchi kosankhira 110V kapena 220V.

Tsiku la mlandu

Batire la amalume tinalibweretsa pa kabaza, litamangidwa ndi mphira. Ndinalichaja ndi chaja ya pakhoma mpaka linakana kulandira, n'kulisiya lipume usiku wonse. Pawaya wofiira, pafupi ndi mutu wa batire, ndinaikapo fyuzi ya ma amp 10. Apa musachite ulesi. Batire la mtovu limatha kutulutsa ma amp mazanamazana mawaya akagundana, ndipo ukasemphanitsa wofiira ndi wakuda, kapena MOSFET ikafa, nthawi zambiri chipangizocho chimangosanduka waya wolumikiza mitu iwiri. Fyuzi ndi imene imakhala pakati pa iwe ndi moto. Zenera ndinatsegula, poti batire la asidi pochajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umayaka.

Ndinaika CC, ma amp 5, kusiya pa 10.5V. Nthawi inali 6 koloko m'mawa. Ndinawauza amalume kuti zotsatira zituluka 2 koloko usiku.

Fani inasiya kulira 12 koloko itangopitirira pang'ono masana, ine ndikudya nsima. Pa sikirini panali 31Ah.

Sindinakhulupirire msanga. Batire la mtovu ukalitsitsa chonchi uyenera kulichaja nthawi yomweyo, apo ayi mbale zake zamkati zimachita nkhambakamwa yoyera imene siichokanso. Ndinalichaja, n'kubwereza mayeso patapita masiku awiri. 33Ah. Maola 6 ndi theka pa mababu a amalume. Ukayatsa 6:30 madzulo, 1 koloko usiku mdima uli bii. Ndendende zimene siginala ankanena.

Kenako tinaliika pa sikelo yogulira chimanga ya anansi. Makilogalamu 17. Batire la mtovu la 100Ah lenileni limalemera makilogalamu pafupifupi 30, poti mphamvu yake ili mu mtovu, ndipo mtovu ndi wolemera. Mayeso amenewa ndi aulere, ndipo tikanawachita pa shopu pomwepo tsiku logula, nkhani yonseyi sikanakhalapo.

Amalume anakhala chete kwa kanthawi, akuyang'ana sikirini pafoni yanga.

"Ndiye mwana uja sananame."

"Sananame, amalume. Ndi ine ndinakusocheretsani ndi mita ija."

Sanayankhe. Koma Lachisanu lotsatira ndinamva kuti pogawana ndalama anamuonjezera siginala kenakake, osanena chifukwa. Kwa amalume, kumeneko ndiye kupepesa.

Mbali imene sitinaikonde

Chipangizo chomwechi chinatiululiranso mlandu wathu. Ndinapita nacho kugombe tsiku lina kukayeza panelo yochajira batire lija, yolembedwa 100W. Apa ndi pamene CV imagwira ntchito. Panelo yotere ikakhala yosalumikizidwa imaonetsa ma volt pafupifupi 22, koma mphamvu yake yochuluka imatuluka cha m'ma 18V. Umayamba pamwamba n'kumatsitsa voltage pang'onopang'ono ukuyang'ana ma watt. Amakwera, amafika pachimake, kenako amayamba kugwa. Pachimake pathu panali ma watt 79, masana dzuwa lili paliwombo.

Amalume anali atayamba kale kutukwana ogulitsa mapanelo, ndinachita kuwaletsa. Nambala ya 100W imayezedwa panelo ili pa madigiri 25, ikulandira kuwala kwa ma watt 1,000 pa sikweya mita. Panelo ikatentha imataya pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse yoonjezera. Pamchenga wa ku Makawa masana, galasi lija limafika madigiri 60 mosavuta, ndiye 14 peresenti yapita kale, usanawerengere fumbi ndi mamba a usipa. Panelo inalibe mlandu.

Koma taonani masamu ake. Panelo ya 100W imapereka ma amp 5 ndi theka ikakhala pabwino. Pa tsiku, dzuwa lamphamvu lokwanira ndi la maola pafupifupi 5 kapena 6. Ndiye kuti imabweza 30Ah, mwinanso osakwana. Usiku mababu akufuna 50Ah. Ngakhale amalume akanagula batire lenileni la makilogalamu 30, panelo imodziyi ikanamalidyetsa theka la chakudya chake tsiku ndi tsiku, ndipo pakutha pa miyezi ingapo likanafa ndi njala, ife n'kumati nalonso linali lachinyengo. Onjezani kutentha kwa kuno, poti batire la mtovu moyo wake umafupika pafupifupi ndi theka likamakhala pamalo otentha madigiri 10 kuposa 25, ndiye mumvetsa chifukwa chake kugombe mabatire sakalamba. Anafunika panelo yachiwiri, komanso kusiya chizolowezi chosiya batire padzuwa pambali pa panelo.

Kuyambira pamenepo ndimasamala ndisanatchule mawu akuti feki. Mlongo wanga anabwera ndi power bank yake ya 10,000mAh atakwiya kuti siidzaza foni kawiri ndi theka monga ankayembekezera. Pa ma amp 1, inapereka 6,300mAh. Iye anati wabedwa. Koma 10,000 ija amawerengera pa 3.7V ya mabatire amkati, zimene ndi 37Wh. Potuluka pa USB magetsi amakwezedwa kufika 5V, ndipo 37 kugawa ndi 5 ndi 7,400mAh, kuchotsapo zotayika posintha. Power bank yake ndi yachilungamo. Ya mnzanga wina, yolembedwa 50,000mAh koma yopepuka ngati sopo wotha, sinafike ndi 4,000 yomwe. Chimodzimodzi mabatire a 18650, aja a m'matochi ochaja. Abwino kwambiri a makampani odziwika amalekezera cha m'ma 3,500mAh ndipo amalemera magalamu pafupifupi 45. Ukaona lolembedwa 9,900mAh pamsika, sufunikanso chipangizo changa. Awa a lithium poyeza ndimasiyira pa 3.0V, ndimawaika pa thailosi osati pa thabwa, ndipo sindichoka m'chipinda. Lotupa kapena lotentha lokha ndimalitulutsa panja osaliyeza n'komwe.

Wogulitsa batire lija anakana kubweza ndalama. Anati sadziwa makina anga, ndipo mwezi unali utadutsa. Amalume anagula lina kwa munthu wina, koma ulendo uno anapita ndi sikelo, ndipo anagwirizana naye kuti akalipira theka, theka linalo pambuyo poti mphwawo waliyeza. Wogulitsayo anaseka, koma anavomera.

Ndi limene lili pansi pa tebulo langa pamene ndikulemba pano. Magetsi anazima 4 koloko, koma kabatire ka njinga yamoto kakugwira ntchito yake, fani ikungolira. Tadutsa maola 9, sikirini ikuonetsa 47Ah ndipo voltage ikadali pa 12.0V. Pakhonde pali ena awiri a anansi akudikira nthawi yawo, limodzi la mayi wogulitsa mafiliza, lina la siginala uja, amene akuti akufuna kudziwa ngati lingayendetse TV kwa makolo ake ku Namwera.